Winfrida Adzutsa Mtondo

Mutu Wachinayi

1. Nyumba yopanda fungo

Chaka chimene a Gershom Miti anakwezedwa kukhala kapitawo pa fakitale ya nsalu ku Kafue, banja lawo linasamuka ku Nangongwe n'kukalowa m'nyumba ya kampani ku Esiteti. Inali nyumba ya mpopi m'khitchini momwemo, ndi getsi m'chipinda chilichonse. Zambia inali m'chaka chachisanu ndi chiwiri chodzilamulira, ndipo a Miti anaona kuti ufulu uja tsopano wafika pakhomo pawo penipeni.

Tsiku losamuka lomwelo anaika malamulo. Mtondo anaugubuduzira kuseri kwa nyumba, n'kuuzondotsa, n'kuikapo chitini cha maluwa. Anati ku Esiteti sikusinjidwa kanthu, anthu angatiseke. Mgaiwa anauletsa, nshima inali ya ufa wa m'sitolo, woyera mbee. Ndiwo zotendera anati n'zakumudzi, tsopano ndi saladi basi, mafuta ophikira a m'botolo aja.

Koma chimene anadana nacho koposa ndi nsomba. Anati fungo lake limakakamira m'makatani, ndipo kalaliki wa nyumba yoyandikana angayese kuti m'nyumbamo mukhala asodzi. Ba Maybin, amene ankabwera ndi nsomba zowamba pa njinga kuchokera ku Chanyanya, a Miti anawapirikitsa pa geti ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Abale inu, munthu kukhala m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue n'kuletsa nsomba! Koma akanawauza ndani? Kapitawo watsopano sauzidwa.

Mwana wawo woyamba, Winfrida, anali wa zaka khumi ndi zinayi, wa giredi seveni. Ndiye ankasamalira mng'ono wake Febby pochoka kusukulu, chifukwa amayi awo, a Felistus, nawonso ankagwira ntchito pa makina opota thonje. Shifiti sidikira bere, choncho Febby anamusiyitsa kuyamwa msanga. Chakudya chake chinali chimodzimodzi m'mawa, masana ndi madzulo: phala la ufa woyera, shuga, ndi mkaka wa ufa uja wochotsedwa mafuta. A Miti ankanyadira, ankati mwana wawo akudya ngati mwana wa mzungu.

Pofika mwezi wa Okutobala, Febby anali atasintha. Khungu linauma, linatuwa, n'kuyamba kukanganuka timamba timamba. Tsitsi linafiira n'kumathothoka. Kachilonda ka pabondo kanatha masabata atatu osapola. Phala lija akaliona ankatembenuzira nkhope kukhoma.

2. Mawu a azakhali

A Miti analemba kalata kwawo ku Chipata. Lolemba lotsatira kunafika mlongo wawo wamkulu, Azakhali Agatha, atasenza thumba la nshawa la mphatso. A Miti anathokoza ndi pakamwa, thumbalo n'kuliponya kuseri pafupi ndi mtondo.

Azakhali anamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha, n'kutchula mawu amodzi: tsempho. Awa ndi matenda amene akuluakulu amati amagwira mwana ngati kholo lake layenda njira zosayenera. Sanatchule kholo lake liti. Panalibe chifukwa chotchulira, poti maso awo anali kale pa a Felistus.

Winfrida ankatsuka mbale m'khitchini, ndipo anamva zonse.

"Amake Winfrida, tamverani, ine sindinabwere kudzaona magetsi," anatero Azakhali. "Ndalera ana asanu ndi awiri, matendawa ndikuwadziwa. Mwana satuwa chabe. Kwathu mkazi wa mwana wamng'ono amadzisunga, amadziwa nthawi yothira mchere m'ndiwo ndi nthawi yoitana wina kuti amuthirire. Inu mutuluka m'mawa, mukatandala pakati pa amuna osawadziwa ndi mitundu yomwe, mubwera madzulo n'kugwira mchere ndi manja omwewo. Mukuti mwana atani? Mwamudula. Kuyambira lero mchere wa m'nyumba muno musaukhudze. Loweruka tikhala pansi ndi mlongo wangayu. Lamulungu m'mawa mukwera basi, mukakhale kwa makolo anu, mukakumbukire mwambo. Mwana atsala ndi ine. Mawu a akulu akoma akagonera, mudzandithokoza."

Mtengwa sayankha alamu ake aakulu. A Felistus anangowerama, misozi ikugwera pachitenje, kenako anapita kuchipinda kukatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

Winfrida anapsa mtima mpaka mbale inamupulumuka m'manja. Ankawadziwa amayi ake. Akaweruka ankathamanga njira yonse, thonje lili m'tsitsi, kuti akapeze Febby asanagone. Njira zosayenerazo akanaziyenda nthawi yanji?

3. Ku sikelo

Lachinayi linali tsiku la sikelo. Azakhali anati n'kutaya nthawi, tsempho silidziwa jakisoni. Winfrida sanatsutse. Anavala yunifolomu ngati wopita kusukulu, anabereka Febby ngati womutonthoza, n'kutulukira ku geti, osabwereranso mpaka masana.

Ku kiliniki anapeza Sisita Gwendolyn, mayi wamfupi wa mawu okuluwika amene ana onse ankamuopa. Anamukweza Febby pa sikelo, anasisita khungu lake ndi chala, n'kufunsa chimene mwanayo amadya. Winfrida atatchula, Sisita anafunsa kuti nanga china. Panalibe china. Sisita anavula magalasi.

"Khala apa, mwana iwe, utchere khutu, chifukwa sindibwereza," anatero. "Mng'ono wakoyu akukhuta koma sakudya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ufa woyerawo makina anachotsa kamtima ka chimanga, komwe kamakhala ndi mafuta. Mkakawo nawo anauchotsa mafuta. Tsono thupi la munthu limatha kudzipangira zinthu zambiri, koma pali mafuta mitundu iwiri imene silitha kupanga, liyenera kulandira kuchokera m'mbale. Mtundu woyamba uli m'mbewu: nshawa, nthanga za maungu, mpendadzuwa. Mtundu wachiwiri uli m'nsomba, makamaka zonona, ndi pang'ono m'masamba obiriwira. Akasowa, khungu limauma, zilonda zimachedwa kupola, mwana sakula. Ndipo usakathire saladi supuni yodzaza n'kumati wamaliza. Saladi ndi wa mtundu woyamba wokha. Awiriwa ali ngati mawilo a njinga, ukapopa limodzi linalo lili lophwa, sufika kutali. Sinja nshawa, sinja nsomba yowamba utachotsa minga, uziika zonse ziwiri m'phala tsiku ndi tsiku. Muli ndi zomanga thupi zimenenso akuzisowa. Usayembekezere kusintha mawa. Ubwere naye sabata iliyonse, ndipo pakatha masabata anayi udzandiuze ngati ndanama."

Winfrida anafunsa motsitsa mawu za tsempho. Sisita anavalanso magalasi, n'kunena kuti iwo anaphunzira za m'mbale, za m'mitima ya anthu sazidziwa, koma ana otuwa chonchi awaona ambiri, ndipo ena amayi awo sanatulukepo ndi pa geti pomwe.

Madzulo Winfrida anadikira kuti atate ake amalize kudya, anagwada, n'kuwafotokozera zonse. A Miti anamva mawu oti nsomba, basi zina zonse sanazimve. Anati mwana wa giredi seveni sangaphunzitse kapitawo kadyetsedwe ka banja lake, ndipo akadzajombanso kusukulu adzaona chimene chinameta nkhanga mpala.

4. Ufa ndi milamba

Loweruka m'mawa a Miti anapita kuntchito, poti linali tsiku loweruka masana. Azakhali anali kubafa, kusangalala ndi madzi a mumpopi amene ankati sanabwere kudzawaona. Sutikesi ya a Felistus inali itamangidwa kale ndi chingwe, ili pafupi ndi chitseko.

Winfrida anaiyang'ana sutikesiyo. Kenako anatenga beseni, anapita pa thumba la ufa woyera uja, n'kutapa mpaka kudzaza. Anaphimba ndi nsalu, anasenza, n'kuloza njira ya ku Nangongwe.

Ankadziwa chinthu chimene atate ake anachiiwala atangolowa ku Esiteti: anthu a kumtsinje amasinthanitsa nsomba ndi ufa, chifukwa kumisasa ya asodzi nsomba ndi mbwee koma ufa ndi wosowa.

Winfrida anawapeza Ba Maybin pansi pa mtengo pafupi ndi msika, njinga itatsamira, dengu lili pa kaliyala. Atamuona anaseka mpaka kuonetsa magego. "Shani, mwana wa ba Miti? Makatani yanu yafuna nsomba lelo?"

Winfrida sanaseke. Anatula beseni, n'kuwauza za Febby, za Sisita, ndi za basi ya mawa. Kuseka kuja kunatha. Ba Maybin anapisa pansi penipeni pa dengu n'kutulutsa milamba itatu yowamba, yonona mpaka kunyowetsa nyuzipepala imene anaikulungira. Anati mlamba ndi wabwino kwa mwana chifukwa ulibe timinga tambiri, ndipo ana a ku Chanyanya amakula ndi umenewo, khungu lili see.

Pokhuthulira ufa m'thumba mwawo anawonjeza mawu ena. Anati uwu unali ulendo wawo womaliza. Mitambo yayamba kale kusonkhana, ndipo mvula ikangogwa msewu wa ku Chanyanya umasanduka matope, njinga yolemedwa siidutsa. "Ukafuna zina, uzanipeza kwamene kuja ku mumana," anatero, akuloza kumadzulo kumene kunali mtsinje.

Winfrida anabwerera milamba ili m'beseni, agalu awiri akumutsatira mpaka pa geti.

5. Mtondo ulankhula

Masana a Miti ataweruka n'kusamba, anakhala pa mpando wawo wa khushoni. Azakhali anakhala pa mpando wina. A Felistus anakhala pansi pa simenti, Febby ali pamiyendo. Azakhali anauza Winfrida kuti atuluke, izi n'za akuluakulu.

Anatulukadi. Anapita kuseri, anatsitsa chitini cha maluwa, n'kuudzutsa mtondo. M'kati munali akangaude ndi dothi la miyezi isanu ndi itatu. Anautsuka, anapukuta, anakatenga munsi umene unkachirikiza chingwe choyanikira zovala. Anamasula thumba la Azakhali, anasenda nshawa zodzaza manja anayi, n'kuziponya mumtondo.

M'nyumbamo Azakhali anali atangoyamba kufotokoza za basi.

Thi! Thi! Thi!

Mawu a Azakhali anadukira pakati. Ku Esiteti masana a Loweruka kumamveka mawayilesi okha, choncho phokosolo linayenda msewu wonse. A Miti anatuluka ndi silipasi imodzi, maso ali psu. Anamuuza kuti aleke. Winfrida anati aleka nshawa zikasalala. Anamuuzanso kachiwiri. Munsi unapitiriza kukwera ndi kutsika.

A Miti anakweza dzanja. Nthawi yomweyo pa mpanda panatulukira mutu wa mkazi wa kalaliki uja, amene a Miti ankaopa kuti awaseka. Mayiyo anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa ngati zimenezo zinali nshawa za kum'mawa. Anati chifikireni ku Esiteti akhala akulakalaka chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, koma ankachita manyazi kufunsa amene ali ndi mtondo. Anapempha kuti mtsikanayo akamaliza amubwerekeko.

Ha! Dzanja la a Miti linatsika lokha n'kuyamba kukanda kumutu. Anayankha moniwo, n'kubwerera m'nyumba ndi silipasi yawo imodzi.

Winfrida anasefa nsinjiro. Anatenga mlamba umodzi, anachotsa mutu ndi minga mosamala, n'kusinja mnofu wake mpaka unakhala ngati ufa. Anakoleza mbaula, anaphika phala, anathiramo zonse ziwiri. Fungo la nsomba linalowa pa zenera n'kukakhala m'makatani mosapempha chilolezo. Mchere sanathire.

6. Mchere

Winfrida analowa m'nyumba mbale ya phala ili kudzanja lamanja, kambale ka mchere kumanzere. Anagwada pakati pa chipinda monga anaphunzitsidwira.

"Atate, Azakhali, ndine mwana, ndikudziwa. Ndatapa ufa wanu, ndasinja nshawa zanu, mundilange. Koma Sisita akuti Febby akusowa mafuta a m'nshawa ndi a m'nsomba. Ndipatseni masabata anayi. Amama asakwere basi mawa."

Azakhali anaseka chipongwe. Anati phalalo amwetse, palibe choipa, nsinjiro ndi zimene iwo analerera a Gershom omwewa kusanabwere za saladi. Koma mwana akachira, adzachira chifukwa amake achoka ndipo aleka kukhudza mchere.

Apa ndiye Winfrida anali atapaganizira njira yonse yochokera ku Nangongwe. Anakwawa ndi mawondo mpaka pamene panali amayi ake, n'kuika kambale ka mchere patsogolo pawo.

"N'chifukwa chake sindinathire. Amama, thirani ndinu. Lero, mawa, masiku onse. Febby akachira ndi mchere wa m'dzanja lanu, aliyense adzadziwa kuti simunamudule."

Azakhali anaimirira, chitenje chikumasuka. Anati zimenezi n'kusewera ndi moyo wa mwana, ndipo sanaonepo kamtsikana kosamva ngati aka. Anauza a Felistus kuti akangokhudza mcherewo, chimene chichitike chili pamutu pawo.

A Felistus anayang'ana mcherewo nthawi yaitali. Nawonso anakulira m'mwambo womwewo, ndipo mantha anali nawo, osanama. Kenako anadzutsa mutu, koyamba chifikireni Azakhali, n'kuyang'ana amuna awo m'maso.

"Atate ake Winfrida, ine sindinakulakwireni," anatero.

Anatsina kamchere pang'ono, anawaza m'phalamo, n'kutakasa ndi supuni. Anauzira, analawa, n'kufikitsa pakamwa pa Febby.

Febby anatembenuzira nkhope kukhoma monga mwa masiku onse. Koma fungo lija linamutsatira mwanayo. Ananunkhiza, anabweza mutu, ananyambita nsonga ya supuni. Anakhala kaye ngati akuganiza. Kenako anayasamula kukamwa. Supuni yachiwiri anaigwira yekha ndi timanja take totuwa, yachisanu analira chifukwa inachedwa.

Azakhali anati kudya si kuchira, ndipo apa ananena zoona.

A Miti anayang'ana mbale ija mpaka inatsala pang'ono kuyera. Manyazi anali nawo, koma kapitawo sagonja pamaso pa mlongo wake. Atatsegula pakamwa, mawu awo anali ouma.

"Masabata anayi. Azakhali ako akhala konkuno, aziona okha. Sutikesi isamasulidwe, ikhale pomwepo pa chitseko. Khungu la mwanayu likapanda kusintha, basi ija itenga anthu awiri, amako ndi iwe, ndipo za sukulu uiwale. Wamva?"

"Ndamva, Atate."

A Miti anaimirira, anakoka thumba la ufa woyera, analilowetsa m'kabati, anakhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Anati ufa wawo sudzapitanso kwa asodzi, ndipo iwo sadzagula ndi mchira womwe wa nsomba.

Winfrida anatuluka kukatsuka mtondo. M'manja munali matuza awiri, limodzi litaphulika. Amayi ake anamutsatira Febby ali kumbuyo, atagona tulo tokhuta. Anamulanda munsi, n'kumuuza kuti nshawa za mawa asinja ndi iwo.

Winfrida anafunyulula nyuzipepala ija. Milamba inatsala iwiri. Ngakhale ataigawa motani, sikanapitirira sabata imodzi, ndipo Sisita anati masabata anayi, mawilo onse awiri. Ufa wosinthanitsa unali pa loko. Ba Maybin anali pa ulendo wobwerera ku Chanyanya, kumene Winfrida anali asanapondeko.

Kumadzulo, cha kumtsinje, kunagunda bingu loyamba la chaka. Dontho limodzi linagwera mumtondo.

Njinga ya a Miti inali itatsamira khoma, yopanda loko, chifukwa sanaganizepo kuti mwana wamkazi angaikwere. Winfrida anayandikira, anatsina wilo lakutsogolo, anatsina lakumbuyo. Onse awiri anali olimba.